Malangizo: Momwe Mungaphunzirire Kupanga Mapulogalamu Otumiza Ziwerengero za Tiyi pa XML

Mawu oyamba

Kilogalamu imodzi ya masamba a tiyi imalembedwa kambirimbiri isanasanduke ndalama m'thumba la mlimi. Kalaliki amailemba pa sikelo. Madzulo wina amaikopera m'kaundula wa kalabu. Ku ofesi imalowa mu Excel, kufakitale imalembedwanso, ndipo tiyi akauma n'kulongedzedwa pamabwera mapepala ena: a kumsika wa tiyi ku Limbe, a kasitomu ku Mwanza kapena ku Muloza, a kudoko la Beira kapena Durban, ndi a kubanki. Paliponse pamene munthu akukopera nambala pamanja, 17 akhoza kusanduka 71. Mlimi wa ku Thekerani amadzaona vutolo pa tsiku la malipiro, masambawo atalowa kale m'makina.

Malangizo ano ndi a achinyamata a kwa Nsabwe ndi madera ena ozungulira minda ya tiyi m'boma la Thyolo, amene akufuna kuphunzira kupanga mapulogalamu oti nambala izilembedwa kamodzi kokha, kenako iziyenda yokha kuchoka pa kompyuta ina kupita pa inzake. Chida chachikulu pa ntchitoyi ndi kalembedwe kotchedwa XML. Gwirani mfundo iyi kuyambira lero: gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kumvana ndi anthu pa tanthauzo la nambala iliyonse. Kulemba pulogalamu kumabwera pambuyo.

Zofunika kukhala nazo

- Laputopu, ngakhale yakale. XML ndi zilembo chabe, safuna makina amphamvu. Ngati mulibe, yambani pa foni ya Android ndi Pydroid 3 kapena Termux.
- Mapulogalamu aulere awa: Python, Notepad++ kapena VS Code, Git, ndi DB Browser for SQLite.
- Mafulashi awiri, kope lachikuto cholimba ndi bolopeni.
- Pochajira podalirika, monga sola yaing'ono.
- Chingerezi cha ku sekondale ndi masamu a maperesenti.

Mukapita ku Thyolo boma, ku Luchenza kapena ku Limbe, kumene netiweki imagwira bwino, koperani zonsezi tsiku limodzi, pamodzi ndi mabuku ofotokoza Python amene amawerengeka popanda intaneti.

1. Yambani pa sikelo, osati pa kompyuta

Pemphani chilolezo kwa atsogoleri a kalabu ya alimi a tiyi kuti mukhale nawo pa shedi tsiku loyeza masamba. Khalani pambali ndi kope lanu. Lembani kuti akulemba ndani, akulemba chiyani, pa pepala lotani, pepalalo likachoka pamenepo likupita kwa yani, ndipo likufika liti. Funsani zimene zimachitika masamba akanyowa ndi mvula, mlimi akatuma mwana wake, kapena kulemera kwa kufakitale kukasiyana ndi kwa pa shedi. Mayankho amenewa ndiwo adzakhale malamulo a pulogalamu yanu.

Mukabwerera kunyumba jambulani ulendo wonse wa nambalayo papepala limodzi, mabokosi ndi mivi. Chongani paliponse pamene nambala ikukoperedwa pamanja. Ndiye sankhani malo amodzi okha oti muyambirepo. Abwino ndi pakati pa shedi ndi ofesi. Musayambe ndi maloto opangira esiteti yonse pulogalamu imodzi. Makampani monga Satemwa, Makandi, Naming'omba ndi Eastern Produce ali kale ndi njira zawo zosungira ziwerengero. Mpata wanu uli pamene njira ziwiri zikulephera kulankhulana.

2. Dziwonereni nokha XML

Bungwe la W3C, lomwe limakhazikitsa miyezo ya pa intaneti, linavomereza XML mu Febuluwale 1998. Nzeru yake ndi yapafupi: nambala kapena mawu alionse amakutidwa ndi matagi awiri, lotsegula ndi lotseka, onena kuti chimenecho n'chiyani. Lembani chitsanzo ichi mu Notepad++, muchisunge ndi dzina loti lero.xml, kenako muchitsegule mu Chrome kapena Firefox. Manambalawa ndi ongoyerekeza.

```
<?xml version="1.0" encoding="UTF-8"?>
<Kaundula nambala="SH04-20250114-01">
  <Tsiku>2025-01-14</Tsiku>
  <Shedi>SH04</Shedi>
  <Mzere nambala="1">
    <Mlimi>00317</Mlimi>
    <KulemeraKonse>26.5</KulemeraKonse>
    <KulemeraKwaThumba>0.5</KulemeraKwaThumba>
    <KulemeraKwaMasamba>26.0</KulemeraKwaMasamba>
  </Mzere>
  <MizereYonse>1</MizereYonse>
  <MasambaOnse>26.0</MasambaOnse>
</Kaundula>
```

Matagi awiri pamodzi ndi zimene zili pakati pake amatchedwa element. Kachidziwitso kokhala m'kati mwa tagi lotsegula, monga nambala="1", ndi attribute. Onani kuti zinthu zikukhala m'kati mwa zinzake: kaundula mmodzi ali ndi mizere yambiri, mzere uliwonse uli ndi mlimi wake. Mayina a matagi mumasankha nokha, ndipo Chichewa chikuloledwa.

XML mwakhala mukumugwiritsa ntchito osadziwa. Koperani fayilo iliyonse ya Excel yothera ndi .xlsx, musinthe mathero ake akhale .zip, muitsegule. M'kati mupeza mafayilo ambiri a XML, ndipo manambala anu ali mu xl/worksheets/sheet1.xml. Mafomu a ODK ndi KoboToolbox amene alangizi ndi mabungwe amayenda nawo pa foni m'midzi amayendanso pa XML. Chimodzimodzi mafayilo a KML ojambulira malire a munda pa Google Earth.

3. Sungani malamulo a kalembedwe

XML sakhululuka. Cholakwika chimodzi, fayilo yonse imakanidwa. Malamulo ake ndi ochepa:

- Fayilo ikhale ndi element imodzi yokuta zonse.
- Tagi lililonse lotsegula likhale ndi lotseka lake, ndipo lomaliza kutsegulidwa liyambe kutsekedwa.
- Zilembo zazikulu ndi zazing'ono n'zosiyana. Mlimi ndi mlimi ndi matagi awiri.
- Zolembedwa mu attribute zikhale pakati pa zizindikiro zogwira mawu.
- Zizindikiro & ndi < zisalembedwe momwemo m'kati mwa mawu. Lembani &amp; ndi &lt; m'malo mwake. Mayina a makampani ambiri ali ndi &, choncho vutoli mudzakumana nalo msanga.

Pali zinthu ziwiri zovuta makamaka kuno kwathu. Choyamba ndi kachizindikiro ka m'mayina monga Naming'omba. Kamasokoneza attribute imene yatsekedwa ndi kachizindikiro komweko, ndiponso kamaswa malamulo a database olembedwa mosasamala. Chachiwiri ndi chilembo ŵ, chimene chimasanduka zinyalala fayilo ikasungidwa m'njira ina yosakhala UTF-8. Sungani mafayilo onse mu UTF-8, ndipo poyesa pulogalamu muziikamo dala mayina okhala ndi zilembo ziwirizi.

Phwanyani dala fayilo yanu ya chitsanzo, kamodzikamodzi pa lamulo lililonse, muone uthenga umene kompyuta ikupereka. Mukatero simudzachita mantha mukadzauona pa ntchito yeniyeni.

4. Gwirizanani tanthauzo la chinthu chilichonse

Apa ndi pamene pagona ntchito. Konzani tebulo la magawo asanu: dzina la tagi, tanthauzo lake m'mawu apafupi, mtundu wake, malire ake, ndi munthu amene amalemba. Khalani pansi ndi kalaliki, msungichuma wa kalabu ndi wa ku ofesi yolandira, muwerenge tebulolo mzere ndi mzere mpaka onse avomere.

Mawu oti "kulemera" okha akhoza kuyambanitsa anthu. Kodi ndi kulemera pamodzi ndi thumba, kapena thumba litachotsedwa? Kodi madzi a mvula achotsedwa kale? Kodi ndi masamba aawisi kapena tiyi wouma? Pamafunika masamba aawisi pafupifupi makilogalamu 4.5 kuti patuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, ndiye kusokoneza ziwirizi si kulakwitsa pang'ono. Chilichonse chikhale ndi tagi lakelake.

Pa zinthu zimene dziko lonse linagwirizana kale, musapeke zanu:

- Tsiku lilembedwe motsata ISO 8601, chaka, mwezi, tsiku: 2025-03-04. Mukalemba 04/03/2025, kompyuta yochunidwa mwa ku America iwerenga kuti 3 Epulo pamene inu mumanena 4 Malichi.
- Kwacha ya Malawi ndi MWK, dziko ndi MW, kilogalamu m'zikalata zamalonda ndi KGM.
- Pa kasitomu tiyi ali pa nambala 0902. Tiyi wakuda wa m'mapaketi osaposa makilogalamu 3 ndi 0902.30, wa m'matumba aakulu ndi 0902.40.
- Magiredi a tiyi monga BP1, PF1 ndi PD akhale pa mndandanda wokhazikika, munthu azisankha, asamalembe yekha.

Nambala ya mlimi ndi nambala ya foni ndi mawu, si manambala owerengera. Mukazisunga ngati manambala, ziro woyamba wa 088 kapena 099 amasowa, ndipo 00317 amasanduka 317. Musamuzindikire mlimi ndi dzina lokha. M'kalabu imodzi mukhoza kupezeka anthu atatu a dzina limodzi.

5. Lembani schema

Schema ndi fayilo imene imasandutsa tebulo lanu lija kukhala malamulo oti kompyuta iziwatsata. Mtundu wofala ndi XSD, umene W3C inavomereza mu 2001. Ntchito yake ikufanana ndi ya munthu woona masamba pa shedi, amene amabweza okhwima asanafike pa sikelo. Nachi chitsanzo cha lamulo la kulemera:

```
<xs:simpleType name="Kulemera">
  <xs:restriction base="xs:decimal">
    <xs:minExclusive value="0"/>
    <xs:maxInclusive value="80"/>
    <xs:fractionDigits value="1"/>
  </xs:restriction>
</xs:simpleType>
```

Lamuloli likuti kulemera kupose 0, kusapitirire 80, ndipo pambuyo pa kadontho pasakhale manambala oposa imodzi. Malire a 80 ndi achitsanzo. Enieni afunseni kwa kalaliki, amene amadziwa kuti thumba lolemera kwambiri limafika pati. Wina akalemba 265 m'malo mwa 26.5, fayilo ikanidwa pomwepo. Schema yanu muisunge ndi dzina loti kaundula.xsd, kenako yesani fayilo motere ngati muli ndi pulogalamu ya xmllint:

```
xmllint --noout --schema kaundula.xsd lero.xml
```

Fayilo iziyesedwa kawiri: isanatuluke kwa wotumiza, ndiponso ikangofika kwa wolandira. Koma schema siona zonse. Mtundu woyamba wa XSD, umene zida zambiri zaulere zimatsata, sungaone ngati kulemera konse kuchotsa thumba kukufanana ndi kulemera kwa masamba, kapena ngati mlimi 00317 alipodi m'kalabu. Zimenezo mudzalemba m'pulogalamu yanu.

Lembani nambala ya mtundu pa schema yanu, monga 1.0. Mukadzawonjezera tagi latsopano mudzasinthe nambalayo, ndi kudziwitsa onse olandira mafayilo anu nthawi ikadalipo.

6. Phunzirani chilankhulo chimodzi mpaka muchigwire

Sankhani Python. Ndi yaulere, imawerengeka mosavuta, ndipo imabwera kale ndi zida za XML ndi za database. Java ndi C# n'zofala m'mabanki ndi m'makampani akuluakulu, koma mudzaziphunzira msanga mukagwira chimodzi. Kudumphadumpha kumangotha nthawi. Tsatani ndondomeko iyi:

1. Maziko a Python: manambala, mawu, mindandanda, if, for ndi def.
2. Kuwerenga ndi kulemba mafayilo a CSV.
3. Kuwerenga XML ndi xml.etree.ElementTree: tulutsani mlimi ndi kulemera pa mzere uliwonse.
4. Kupanga XML kuchokera mu CSV.
5. Kuyesa fayilo pa schema ndi lxml.
6. XPath, njira yolozera chinthu m'kati mwa fayilo. Mwachitsanzo //Mzere[Mlimi='00317'] ikupatsani mizere yonse ya mlimi ameneyo.

Musamapange XML polumikiza mawu pamanja. Lolani ElementTree kapena lxml ikupangireni, chifukwa imasamalira yokha zizindikiro zovuta zija. Mafayilo akakula, monga a nyengo yonse ya mvula, musawatsegule onse nthawi imodzi pa laputopu yofooka. Gwiritsani ntchito iterparse, imene imawerenga pang'onopang'ono.

Lembani tsiku lililonse, ngakhale theka la ola. Mukagwiritsa ntchito mapulogalamu a AI kuti akuthandizeni, musaike m'ntchito yanu mzere umene simungathe kuufotokozera mnzanu, ndipo musawapatse mayina kapena manambala enieni a alimi.

7. Samalani powerengera ndalama

Tsegulani Python mulembe 0.1 + 0.2. Yankho lituluka 0.30000000000000004. Si kompyuta yanu yawonongeka ayi. Ndi mmene makompyuta amasungira manambala a kadontho. Pa mlimi mmodzi kusiyanaku sikuoneka, koma pa alimi mazanamazana ndi mizere zikwizikwi, matambala amayamba kusemphana ndipo mabuku sagwirizana. Pa ndalama ndi pa kulemera gwiritsani ntchito Decimal, osati float.

Tiyerekeze kuti mlimi wapereka makilogalamu 412.5 pamwezi, mtengo ndi K200 pa kilogalamu, ndipo akubweza ngongole ya feteleza ya K15,000. Pulogalamu isatulutse K67,500 yokha. Ionetse zonse: makilogalamu 412.5, mtengo K200, zonse K82,500, zodulidwa K15,000 ndi chifukwa chake, zotsala K67,500. Mlimi azitha kuwerengera yekha ndi foni yake. Gwirizananinso ndi a ku akaunti ngati matambala azikonzedwa pa mzere uliwonse kapena kamodzi pamapeto, ndipo mulembe zimene mwagwirizanazo.

Kumapeto kwa fayilo iliyonse kuzikhala chiwerengero cha mizere yonse ndi kuphatikiza kwa makilogalamu onse, monga m'chitsanzo chija. Wolandira aziwerengera yekha n'kufananitsa. Zikasiyana, fayilo yonse ibwezedwe.

8. Sungani ziwerengero mu database

XML ndi wonyamulira uthenga paulendo. Si posungira ziwerengero za chaka chonse. Fayilo ikafika n'kupambana mayeso, zimene zilimo zilowe mu database. Yambani ndi SQLite, imene imakhala m'fayilo imodzi ndipo siifuna intaneti. Pangani matebulo anayi: alimi, mashedi, makaundula ndi mizere. Phunzirani malamulo a SQL awa: SELECT, INSERT, JOIN ndi GROUP BY. Ndi okwanira kutulutsa lipoti la mwezi la mlimi aliyense.

Fayilo imodzi ilowe yonse, apo ayi isalowe n'komwe. Njira yake imatchedwa transaction: magetsi akathima pa mzere wa 40 mwa mizere 90, database imabwerera pamene inali, m'malo mosunga theka. Fayilo yoyambirira musaifufute. Isungeni monga inabwerera, m'foda ya tsiku lake, kuti ikhale umboni pakabuka mkangano.

Nambala yolakwika isafufutidwe mwakachetechete. Pulogalamu izilemba mzere watsopano wokonza, woonetsa nambala yakale, yatsopano, amene wakonza, nthawi ndi chifukwa.

9. Phunzirani kalembedwe ka anzanu

Matagi anu a Chichewa ndi a m'nyumba mwanu. Uthenga ukamapita kunja, wolandira ndiye amalamula kalembedwe. Dziwani awa:

- Kasitomu. Bungwe la MRA limagwiritsa ntchito ASYCUDA World, pulogalamu yopangidwa ndi UNCTAD. Pulogalamuyi imatha kulandira zikalata za katundu kuchokera m'fayilo ya XML, zimene zimapulumutsa maejenti ku ntchito yolembanso invoisi yaitali mzere ndi mzere.
- Mabanki. Muyezo wa ISO 20022 unatuluka mu 2004, ndipo mauthenga ake amayenda pa XML. SWIFT inayamba kusamutsira malipiro a pakati pa mayiko pa muyezowu mu Malichi 2023, ndipo nthawi yoyendera limodzi ndi mauthenga akale inatha mu Novembala 2025. Uthenga wa pain.001 ndi wolamula banki kulipira anthu, camt.053 ndi sitetimenti.
- Invoisi. UBL, imene inakhala muyezo wa ISO/IEC 19845 mu 2015, ndi maziko a mainvoisi ambiri a pakompyuta ku Ulaya, kumene kuli ena mwa ogula tiyi wathu.
- Ziphaso za zomera. Njira ya ePhyto ya bungwe la IPPC imatumiza ziphaso za umoyo wa zomera pakati pa mayiko pa XML.

Safunsa anadya phula. Musanalembe mzere uliwonse, pemphani kwa wolandira zinthu zitatu: chikalata chofotokoza kalembedwe kawo, schema, ndi fayilo yachitsanzo imene inalandiridwapo. Ena adzakuuzani kuti amafuna CSV, ena JSON. Apatseni chimene akufuna. JSON ndi wofala m'mapulogalamu a pa foni ndi a pa intaneti, ndipo amene wagwira XML amamuphunzira m'masiku ochepa.

Pangani tebulo lina lofananitsa: tagi lathu ili likupita pa tagi lawo liti. Kusinthako mungachite ndi Python, kapena ndi XSLT, chilankhulo chosandutsira XML wamtundu wina kukhala wina, chimene chilipo kuyambira 1999. XSLT ingathenso kusandutsa kaundula kukhala tsamba losindikiza.

Chenjerani ndi namespace. Mafayilo a mabungwe amayamba ndi mawu monga xmlns="urn:iso:std:iso:20022:tech:xsd:pain.001.001.03". Mukafufuza tagi osatchula namespace yake, Python sipeza kanthu ngakhale tagilo mukuliona ndi maso. Ophunzira ambiri amataya masiku pa vuto limeneli.

10. Konzekerani netiweki yodukaduka

M'zigwa ndi m'mapiri a kwa Nsabwe netiweki imabwera n'kuchoka, magetsi nawonso chimodzimodzi. Pulogalamu yofuna intaneti nthawi zonse siingagwire ntchito pa shedi. Ipangeni motere:

- Kalaliki azilemba popanda netiweki. Mafayilo azidikira pamzere, azipita netiweki ikapezeka.
- Fayilo iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake yosabwerezeka, monga SH04-20250114-01, kutanthauza shedi, tsiku, ndi ulendo.
- Wolandira azibweza yankho: yalandiridwa, kapena yakanidwa pa chifukwa chakuti. Popanda yankho, wotumiza azitumizanso.
- Wolandira akaona nambala imene analandira kale, ayankhe kuti ilipo, asailowetse kachiwiri. Ikani lamulo la UNIQUE pa nambalayo mu database. Mukaiwala ichi, mlimi wina adzalipidwa kawiri, ndipo mwezi wotsatira adzadulidwa modzidzimuka.
- Polemba fayilo, yambani ndi dzina longoyembekezera, musinthe dzina ikatha kulembedwa, kuti fayilo yoduka pakati isatengedwe ngati yathunthu.
- Panikizani mafayilo mu zip musanatumize. XML amabwerezabwereza matagi, choncho amachepa kwambiri ndipo bandulo imakhalitsa.

Ngati mukulemba nthawi, onjezani +02:00, amene ndi nthawi ya Malawi.

11. Tetezani fayilo, tetezani anthu

Fayilo yochokera kunja musaikhulupirire. Pali mafayilo a XML opangidwa mwachinyengo: ena ndi aang'ono koma amafufuma powerengedwa mpaka kompyuta kuima, ena amanamiza pulogalamu kuti iulule mafayilo ena a m'kompyutamo. Gwiritsani ntchito defusedxml powerenga mafayilo a anthu ena, ndipo ikani malire a kukula kwa fayilo. Tumizani kudzera pa HTTPS kapena SFTP. Mndandanda wa malipiro usamayende pa magulu a WhatsApp.

Dzina la mlimi, nambala ya chiphaso cha unzika, foni, akaunti ya Mpamba kapena Airtel Money ndi ngongole zake ndi zinsinsi zake. Lamulo la Data Protection Act la 2024, limene MACRA ikuyang'anira, likukhudza aliyense wosonkhanitsa ndi kusunga zinthu zotere. Tengani zokhazo zimene ntchito ikufuna, uzani alimi chifukwa chake, ndipo aliyense wogwiritsa ntchito pulogalamu akhale ndi dzina ndi pasiwedi yake. Pophunzira ndi poyesa gwiritsani ntchito mayina opeka.

Koperani database pa fulashi tsiku lililonse, ndipo fulashi ina izigona m'nyumba ina. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anagwetsa nyumba ndi kudula misewu ndi magetsi m'maboma a kummwera, Thyolo ali momwemo. Kamodzi pamwezi yesani kubwezeretsa database kuchokera pa fulashi, muone ngati zikuthekadi.

12. Yesani musanapereke

Konzani foda ya mafayilo oipa: yopanda tagi lotseka, ya kulemera kwa 0, ya tsiku la 30 Febuluwale, ya mlimi wosadziwika, yobwerezedwa kawiri, yosemphana pa kuphatikiza, ndi yopanda mzere uliwonse. Pulogalamu ikane iliyonse ndi uthenga womveka. Kalaliki sathandizidwa ndi mawu a Chingerezi cha akatswiri. Amafuna kuwerenga kuti: "Mzere 12: kulemera kwapitirira malire, onaninso." Nthawi iliyonse mukasintha pulogalamu, yesaninso mafayilo onsewa.

Tsatani kalendala ya tiyi. Masamba ambiri amathyoledwa kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo nthawi imeneyo palibe kalaliki amene ali ndi mpata wophunzira zatsopano. Yambitsani pulogalamu m'miyezi yozizira ndi yachilimwe, masamba akachepa. Kwa mwezi wathunthu, kaundula wa pamanja ndi pulogalamu ziyendere limodzi. Madzulo alionse fananitsani. Pamene zasiyana fufuzani chifukwa, musangoganiza kuti wolakwa ndi kalaliki. Mlimi apitirize kulandira lisiti lake pa sikelo.

13. Pitirizani kuphunzira, ndipo gulitsani luso lanu mwadongosolo

Sukulu zili pafupi. Yunivesite ya MUST ili ku Ndata, m'boma la Thyolo lomwe lino, ndipo inayamba kuphunzitsa mu 2014. Ku Blantyre kuli MUBAS, imene kale inali Polytechnic, ndiponso koleji ya NACIT. Amene sanapeze malo asataye mtima: maphunziro a XML, XPath ndi SQL alipo aulere pa W3Schools, ndipo mabuku a Python ali pa python.org. Pezani anzanu awiri kapena atatu, wina azipanga pulogalamu yotumiza, wina yolandira. Kusamvana kwanu kudzakuphunzitsani zambiri kuposa buku.

Sungani ntchito yanu mu Git kuyambira tsiku loyamba, ndipo ikani chitsanzo chokhala ndi mayina opeka pa GitHub. Ofuna kukulembani ntchito amafuna kuona pulogalamu yoyenda. Luso lomweli limafunika kwa maejenti a kasitomu, m'mabanki, m'masako, m'makopaletivu a mkaka ndi a makadamiya, ndi m'mabungwe ogwiritsa ntchito Kobo.

Mukapeza kasitomala, lembani pangano: pulogalamu idzachita chiyani, sidzachita chiyani, mtengo, amene adzakonze ikavuta, ndi mfundo yoti ziwerengero ndi za eni ake, osati zanu. Siyani tebulo la matanthauzo, schema ndi malangizo olembedwa m'Chichewa, kuti ntchito isadzaime inu mukadzasamuka.

Mawu omaliza

Achinyamata, musalumphe gawo 1 ndi gawo 4 pothamangira kulemba pulogalamu, ndipo musapereke kwa anthu pulogalamu imene sinayende limodzi ndi kaundula kwa mwezi wathunthu. Inu atsogoleri a makalabu, akalaliki ndi a m'maofesi a maesiteti, mwana akabwera ndi kope kudzafunsa, mupatseni mpando, fomu yosalembapo kanthu ndi nthawi yomuyankha. Popanda zitatuzi sangaphunzire ntchitoyi.